A Jagari aimbanso, nanga ife eni nyimbo tikumva?

Loweruka lina masana tinaima pafupi ndi msika wa Kamitondo kuyembekezera minibasi. Mnyamata wina wometa tsitsi anali kuliza nyimbo pa foni yake, gitala ikulira mokalipa ngati macaka a kalipentala. Bambo wina wacikulire, amene anagwirapo nchito ku mgodi wa Nkana, anatsika panjinga nafuula m'Cibemba kuti, "Iwe mwana, amene akuimbayo ndi Jagari!" Mnyamata uja anaseka nati, "Iyayi atate, iyi ndi bandi ya ku Ulaya."

Onse awiri anali ndi mbali ya coonadi. Nyimboyo inali ya m'cimbale cochedwa Sogolo, cimene bandi ya WITCH inatulutsa mu June 2025. M'bandiyo lero muli azungu, monga Jacco Gardner wa ku Netherlands, koma mawu amene atsogolera ndi a Emmanuel "Jagari" Chanda, amene anakulira kuno ku Kitwe. Cimene cinatipweteka mtima n'cakuti mwana wa ku Kamitondo sanadziwe kuti bandi imeneyi inabadwira ku Chamboli, kumene munthu angafike ndi njinga.

Tiyambe ndi dzina, pakuti tidziwa kuti ena mwa inu mwakwinya kale nkhope. Pa Cingerezi liwu limeneli litanthauza mfiti, ndipo makolo ambiri a nthawi ija analetsa ana awo kupita kukaonerera. Koma zilembo zisanuzo ziimira mawu akuti "We Intend To Cause Havoc", ndiko kunena kuti tabwera kudzautsa cipwirikiti. Cipwirikiti cake cinali ca magitala ndi kuvina. Dzina lakuti Jagari nalo linacokera kwa Mick Jagger wa bandi ya Rolling Stones, cifukwa ca kudumpha kwawo pa siteji.

Nanga kaimbidwe kameneka kanacokera kuti? Muzu wake umodzi uli kummwera kwa America, m'madambo ndi m'minda ya thonje ya m'mbali mwa mtsinje wa Mississippi. Ukapolo utatha mu 1865, anthu akuda ambiri anapitiriza kulima minda ya eni malo, ndipo pokolola ngongole inali kudya phindu lonse. Alimi athu a thonje a ku Petauke ndi Katete sangafune womasulira pa nkhani imeneyi. M'masautso amenewo munabadwa blues: mmodzi atsogolera, gitala kapena anzake avomera, monga acitira amayi athu pa mtondo. Nyimbo za m'mapemphero a anthu akuda zitakumana ndi blues zinabala soul, ya anthu ngati Ray Charles, Otis Redding ndi Aretha Franklin, amene anali mwana wa m'busa. Kenaka James Brown anaika mphamvu yonse pa ng'oma ndi besi, ndipo imeneyo ndiyo funk. Mu 1970 James Brown yemweyo anadzaimba kuno ku Zambia, ndipo anyamata athu anaona ndi maso awo zimene anali kungomva pa wailesi.

Anyamata a ku Migodi anatenga zimenezi, pamodzi ndi rock ya Jimi Hendrix, nazisakaniza ndi kaombedwe ka ng'oma za kwathu. Cotulukapo ndico cimene dziko lonse likucha Zamrock. Masiku amenewo mkuwa unali ndi mtengo, ogwira nchito m'migodi anali ndi ndalama kumapeto kwa mwezi, ndipo makalabu a migodi anali kufuna mabandi. Pulezidenti Kenneth Kaunda analamulanso kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse zolizidwa pa wailesi zikhale za ku Zambia. Ku Ndola kunali Teal Record Company ndi Zambia Music Parlour ya a Edward Khuzwayo, amene anali kutulutsa marekodi. WITCH inatulutsa Lazy Bones!! mu 1975 ndi Lukombo Vibes mu 1976. Mu 1975 momwemo bandi ina ya ku Kitwe, Amanaz, inajambula cimbale cake Africa ku Malachite Studios ku Chingola. Ku Lusaka kunali Paul Ngozi ndi Ngozi Family, ndiponso Rikki Ililonga wa Musi-O-Tunya.

Cokoma sicikhalitsa. Mtengo wa mkuwa unagwa pakati pa zaka za m'ma 1970, ndipo munthu amene asowa ndalama ya ufa sagula rekodi. Nkhondo ya ku Rhodesia inabweretsa lamulo loletsa kuyenda usiku, mabandi nasowa koimba. Disiko inafika, kalindula ya a P.K. Chishala ndi Amayenge inatenga mitima ya anthu, ndipo makaseti okopera mwakuba anamaliza zotsala. Pambuyo pake kunabwera Edzi. Ife amene tinaperekeza maliro m'makomboni muno m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 tikumbuka bwino mmene manda anadzazira ndi anthu a zaka 30 ndi 40. Oimba ambiri a Zamrock anapita m'nyengo yomweyo. Paul Ngozi anamwalira mu 1989. Pa onse amene anayambitsa WITCH, amene atsala ndi moyo ndi a Jagari okha.

A Jagari anasiya siteji nakhala mphunzitsi, ndipo pambuyo pake anapita kuthengo kukakumba miyala ya mtengo wapatali kuti adyetse banja. Kwa zaka zambiri munthu amene kale anali kudzaza maholo anali kugwira piki ndi fosholo, osadziwika. Anamukumbuka ndi alendo. Mu 2012 kampani ya ku America ya Now-Again Records inatulutsanso nyimbo zakale za WITCH. Mu 2019 Gio Arlotta wa ku Italy anatulutsa filimu yofotokoza moyo wa a Jagari. Mu 2023 bandiyo, pamodzi ndi a Patrick Mwondela amene analiza kiyibodi mu WITCH ya m'ma 1980, inatulutsa Zango, cimbale coyamba patapita zaka 39 cicokere Kuomboka ca mu 1984. Anacijambula ku dB Studios ku Lusaka, komwe Lazy Bones!! inajambulidwa, ndipo Sampa the Great, mwana wobadwira ku Ndola, anaimba nawo nyimbo imodzi.

Tamvetsera Zango ndi Sogolo kangapo. Sitinama, gitala yake ndi yaukali, ndipo amene anazolowera kwaya yofatsa adzayamba watseka makutu. Koma mukapirira mudzamva pansi pake ng'oma yodziwika, ndi mawu a amayi ovomera monga kumudzi. Cina cotikondweretsa n'cakuti zilankhulo zathu zamveka kwambiri kuposa m'marekodi oyamba aja, amene anali odzala ndi Cingerezi. Mawu a a Jagari akalamba, koma ali ndi kulemera kwa munthu amene waika anzake m'manda.

Apa ndiye pali nkhani yathu. Mu 2023 woimba wa ku America Travis Scott anatenga cidutswa ca nyimbo ya Amanaz naciika m'nyimbo yake. Mu 2024 Tyler, the Creator anacita cimodzimodzi ndi nyimbo ya Ngozi Family. Anthu akunja akuona cuma pamene ife tikuona zinyalala. M'nyumba zambiri za ku Kamitondo, Buchi, Chimwemwe ndi Wusakile muli marekodi akale pansi pa bedi, ena ana akuseweretsa, ena anasungunuka ndi dzuwa pa mtenje. Musawataye, ndipo wina akabwera kudzagula musafulumire kulandira ndalama ya ndiwo za tsiku limodzi. Yambani mwafunsa mtengo wake weniweni. Asungeni coimirira, pamthunzi, kutali ndi cinyezi.

Kwa amayi amasiye ndi ana a oimba amene anatisiya, tikuti nyimbo ndi colowa monga munda kapena ng'ombe. Ngati nyimbo ya bambo wanu ikulizidwa kapena kugulitsidwa, muli ndi ufulu wofunsa za malipiro. Bungwe la ZAMCOPS ndilo liyang'anira za umwini wa nyimbo m'dziko muno. Sungani mapepala alionse amene malemu anasiya, ndipo mupite nawo kukafunsa.

Kwa ife makolo, funso ndi ili: mwana akapanga banjo ya cigubu ndi waya, timulanda kapena timumvetsera? Mantha athu ali ndi cifukwa, pakuti tinaona mowa ndi ciwerewere zikuononga oimba ambiri. Koma mankhwala ake ndi kumulangiza ndi kukhala naye pafupi, osati kuthyola gitala. Akuluakulu anati mako ndi mako, usamuone kucepa mwendo.

Minibasi itafika tsiku lija, bambo wa njinga uja anali akali ciimire, akufotokozera mnyamata wometa za madansi a ku Mindolo Dam. Mnyamatayo anali atasiya makina ake, ndipo anabwezera nyimbo ija poyambira.