Napolo akakokolola kompyuta, kaundula apulumukira kuti?

Mvula itakata m'mwezi wa Malichi 2023, anthu okhala m'munsi mwa phiri la Mulanje adayamba kuwerengera zomwe namondwe wa Freddy adawalanda. Adawerenga maliro, nyumba, minda, ziweto ndi milatho. M'dziko lonse, anthu oposa 1,000 adamwalira kapena kusowa, pomwe oposa 600,000 adasowa pokhala.

Koma padali katundu wina amene adapita ndi madzi mwakachetechete, ndipo eni ake adamukumbukira tsiku lobwerera kuchipatala kapena kuofesi. Timabuku takuchipatala, makadi a kusikelo, ziphaso za unzika, masatifiketi a sukulu komanso mabuku a banki m'khonde zidasanduka phala m'matope.

Kwa munthu amene amamwa ma ARV kapena mankhwala a shuga, kabuku kaja si pepala wamba. Ndimo mumalembedwa mtundu wa mankhwala amene akumwa, tsiku lomwe adayamba ndi lomwe akalandirenso ena. Kabuku kakatayika, dokotala amadalira kaundula wa pachipatala. Nanga kaundulayo akakhala kuti wanyowa limodzi ndi chipatala?

Funsoli ndi lofunika kwambiri ku Mulanje chifukwa napolo si mlendo kuno. M'mwezi wa Malichi 1991, madzi ndi miyala zochokera m'phiri la Michesi zidaononga dera la Phalombe, lomwe panthawiyo lidali mbali ya boma la Mulanje. Mitsinje ya Ruo, Likhubula, Lichenya ndi Thuchila, yomwe imatsika m'phiri, ikakwiya sisankha nyumba ya udzu kapena ofesi ya malata.

Kusunga mbiri ya odwala pa kompyuta m'dziko muno kudayamba mu 2001 pomwe bungwe la Baobab Health lidaika makina ongodina ndi chala pachipatala chachikulu cha ku Lilongwe. Makinawo adafalikira m'zipatala zambiri zopereka ma ARV, ndipo mu 2019 ntchito yowayang'anira idapita m'manja mwa bungwe la Elizabeth Glaser Pediatric AIDS Foundation. Nawo malipoti a mwezi ndi mwezi a zipatala amalowa mu pulogalamu ya DHIS2, yomwe idapangidwa pasukulu yaukachenjede ya Oslo m'dziko la Norway.

Kompyuta sizili kuchipatala kokha. M'maesiteti a tiyi, masiku amene munthu wagwira ntchito, kulemera kwa masamba amene wathyola ndi malipiro ake zimasungidwa pa makina. Chimodzimodzinso m'ma Sacco, m'maofesi a khonsolo ndi m'mabungwe a alimi ang'onoang'ono a tiyi.

Apa ndiye pagona vuto. Anthu ambiri amaganiza kuti chinthu chikalowa mu kompyuta ndiye kuti chapulumuka. Chonsecho kompyuta yaikulu yosunga zonse, yomwe amaitcha seva, imaopa madzi, moto, mphenzi ndi akuba ngati mmene pepala limaopera. Maofesi ena amakopera zinthu zawo pa flash kapena pa disiki yapadera, kenaka n'kuiika m'dirowa ya tebulo lomwelo pomwe pali seva. Madzi akalowa m'chipindamo, zonse ziwiri zimapitira limodzi.

Mlimi wochenjera sachita choncho ndi mbewu yake. Ina amaisunga m'nkhokwe, ina amaipachika kukhitchini kuti izifukidwa ndi utsi, ndipo ina amakasungitsa kwa mbale wake kutsidya la mtsinje. Akatswiri a makompyuta ali ndi lamulo lofanana ndi limeneli lomwe amalitcha 3-2-1, ndipo adalitchukitsa ndi katswiri wojambula zithunzi wa ku America, Peter Krogh. Lamuloli limati chinthu chofunika chikhale m'makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri yosiyana, ndipo kope limodzi likhale kutali ndi ofesi.

Kale kope lakutalilo lidali tepi kapena disiki yomwe wogwira ntchito ankanyamula pagalimoto kukaisunga ku Blantyre. Masiku ano likhoza kuyenda lokha pa intaneti kupita kumalo amene amawatcha cloud. Ngakhale dzinalo likutanthauza mtambo, kumwamba kulibe chomwe chimasungidwa. Ndi nyumba zikuluzikulu zodzaza ndi maseva, zokhala ndi magetsi osazima ndi alonda, zomwe makampani monga Amazon, Microsoft ndi Google amabwereketsa. Microsoft idatsekula malo otere ku Johannesburg ndi Cape Town mu 2019, Amazon ku Cape Town mu 2020, ndipo Google ku Johannesburg mu 2024.

Chomwe chimalumikiza seva ya muofesi ndi malo akutaliwo ndi pulogalamu yosungira makope, monga Veeam, Acronis kapena Bacula. Pulogalamuyi amaiuza nthawi yogwirira ntchito, kawirikawiri usiku anthu ataweruka. Ulendo woyamba imakopera zonse. Kuchokera apo imangotola zomwe zasintha tsiku limenelo, kuzifinya kuti zichepe, kuzikhoma ndi kiyi wachinsinsi, n'kuzitumiza. Kope limodzi limatsala pafupi kuti seva ikangodwala ntchito iyambirenso msanga, pomwe lina limapita kutali kudikira tsiku la tsoka lalikulu.

Kutumiza zosintha zokha n'kofunika kudera ngati Mulanje komwe maofesi ambiri amadalira intaneti ya Airtel kapena TNM ndipo bandulo amaigula ndi ndalama zowerengeka. Pulogalamu yabwino netiweki ikaduka siyambiranso pachiyambi, imapitiriza pomwe idalekezera.

Komabe walira mvula walira matope. Choyamba ndi magetsi. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko lidataya mphamvu pafupifupi mamegawati 130 ndipo kuzima kwa magetsi kudatenga nthawi yaitali. Seva yopanda mabatire kapena sola singatumize kanthu usiku wa mdima, ndipo palibe amene angadziwe ngati wina sayang'ana lipoti la pulogalamuyo m'mawa.

Chachiwiri ndi ndalama. Makampani akunja amalipiritsa mwezi ndi mwezi mu ndalama zakunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mabilu otere adakwera tsiku limodzi. Ambiri mwa makampaniwa salipiritsa polowetsa zinthu koma amalipiritsa pozitulutsa, kotero ofesi yosawerengera bwino imadzadzidzimuka ndi mtengo tsiku lomwe ili kale pamavuto.

Chachitatu ndi mbava za pa intaneti. Mu Febuluwale 2024, yemwe adali mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo, Lazarus Chakwera, adauza Nyumba ya Malamulo kuti anthu ena adalowerera makina opangira mapasipoti ndipo akufuna dipo. Kusindikiza mapasipoti kudaima kwa masabata angapo, ndipo ofuna kupita kunja kukachita bizinesi, kusukulu kapena kuchipatala adagwira njakata.

Mbava zotere zikalowa, zimayamba zafufuza makope osungidwa kuti ziwafufute, mwini wake asowe pothawira. N'chifukwa chake mapulogalamu amasiku ano amatha kutseka kope lakutali kuti pasakhale wolisintha kapena kulifufuta, ngakhale bwana weniweni, mpaka masiku amene adaikidwa atakwana.

Palinso lamulo. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu la Data Protection Act lidayamba kugwira ntchito mu 2024, ndipo bungwe la Macra ndilo lidapatsidwa udindo woliyang'anira. Lamuloli limaika mbiri ya umoyo wa munthu m'gulu la zinthu zofunika chitetezo chapadera, komanso lili ndi mfundo zoyenera kutsata zinthu zotere zisanatumizidwe kunja kwa dziko. Chipatala kapena Sacco singangotumiza maina a anthu ku Johannesburg popanda kudziwa yemwe akusunga kiyi.

Kwa maofesi a boma, njira ina ili pafupi. Mu Julayi 2022 boma lidatsekula National Data Centre mumzinda wa Blantyre, malo osungirako zinthu za pa kompyuta omwe adamangidwa ndi kampani ya Huawei. Koma Freddy adaphunzitsanso kuti kutalika kwa mtunda n'kofunika, poti namondwe yemweyo amene adasakaza Mulanje adagwetsanso matope a m'phiri la Soche pa anthu a ku Chilobwe. Ngakhale kunja zinthu zimaonongeka: mu Malichi 2021 moto udatentha nyumba ya maseva ya kampani ya OVH mumzinda wa Strasbourg ku France, ndipo makasitomala omwe adalibe kope kwina adataya zinthu zawo.

Chomwe maofesi ambiri amaiwala ndi kuyesa. Pulogalamu ikhoza kumalemba kuti zonse zili bwino kwa chaka chathunthu, koma tsiku lofuna kubweza zinthuzo n'kupezeka kuti kope ndi loonongeka, kapena amene ankadziwa kiyi adasiya ntchito kalekale. Kiyi akatayika, ngakhale kampani yosungayo singatsekule. Ofesi yanzeru imasankha tsiku, kutenga kompyuta ina yopanda kanthu, kubwezeramo zonse kuchokera ku kope lakutali, n'kuona kuti zatenga maola angati komanso ngati dzina la wodwala kapena malipiro a wothyola tiyi zikuoneka momwe zidalili.

Ku Mulanje, nthawi yabwino yochitira zimenezi ndi mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, pomwe anthu akufolera nyumba ndi kulambula ngalande. Mitambo ikadzayamba kuunjikana pa Sapitwa, nthawi yoyesera idzakhala itatha.