Kabatire kamene kanatsekereza makalata ku Limbuli

Unali mwezi wa June, chiperoni chitakuta phiri lonse moti Sapitwa sinkaoneka, pamene anandiitana ku ofesi ina ya alimi a tiyi cha ku Limbuli. Mayi amene amalemba makalata kumeneko anandilandira nkhope ili yakugwa. "Achimwene, kompyutayi yatha basi. Sabata yathunthu ma imelo sakulowa, sakutuluka. Mnyamata wina wati tingoifomata."

"Amayi, tadikirani kaye," ndinatero. Mawu akuti kufomata ndimawaopa kwambiri pa ntchito yangayi, ndipo chifukwa chake ndichinena.

Ndisanatsegule pulogalamu ya imelo ya Outlook, ndinayang'ana pakona yam'munsi kudzanja lamanja, pamene pamakhala nthawi ndi tsiku. Kompyutayo inkati tili m'chaka cha 2008. Nthenda ndinaipeza pomwepo.

Mukatsegula chibokosi cha kompyuta ya patebulo, pa bolodi lalikulu pali kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, kolembedwa CR2032. Ntchito yake ndi kuyendetsa wotchi ya makinawo magetsi akachoka. Kuno kwathu kamagwira ntchito yakalavulagaga, chifukwa magetsi amazimazima, komanso nyengo ya mvula anthu amazula mapulagi poopa mphezi. Kakatha mphamvu, kompyuta imaiwala tsiku n'kubwerera ku chaka chakale.

Mwina mufunsa kuti tsiku likukhudzana bwanji ndi makalata. Pulogalamu ya imelo ikagogoda kwa seva, kompyuta yaikulu yakutali imene imasunga makalata anu, sevayo imaonetsa chiphaso chotsimikiza kuti ndi yeniyeni osati ya akuba. Chiphasocho chili ndi tsiku loyambira ndi lothera, monga chiphaso cha unzika chimene muli nacho m'thumba. Tsono kompyuta yoganiza kuti tili mu 2008 ikaona chiphaso choperekedwa chaka chino imachikana, chifukwa kwa iyo nthawi yake sinakwane. Sikuti yafa ayi. Ikukutetezani, koma ikuwerenga kalendala yolakwika.

Kabatire katsopano ndinali nako m'chikwama, kogula ku Chitakale kwa ogulitsa mabatire a mawotchi. Ndinazula pulagi, ndinakankha kachitsulo kopanira ndi chikhadabo, kakale kanadumpha, katsopano kanalowa. Ndinapukutanso fumbi lomatirira ndi chinyezi pa fani, lakuda ngati mwaye. Titakonza tsiku, tinayesanso.

Apa panatulukira vuto lachiwiri. Pulogalamu inkangofunsa pasiwedi mobwerezabwereza, mayiwo n'kumalumbira kuti sakulakwitsa. Analidi olondola. Kuyambira pa 30 May 2022, Google inasiya kulola mapulogalamu akale kulowa mu Gmail ya anthu wamba ndi pasiwedi ya masiku onse. Ofesiyi inali itangosiya adiresi yake yakale n'kuyamba ya Gmail, ndipo amene anailumikiza anachoka ntchito osasiya malangizo. Chimene chimafunika ndi kutsegula chitetezo cha magawo awiri pa akaunti, chija chimatumiza nambala pa foni, kenako kupempha pasiwedi yapadera ya zilembo 16 imene mumaipereka kwa pulogalamu yakaleyo yokha. Ndinaonanso manambala a makomo a seva: 993 polandirira, 587 potumizira. Zimenezi sizitenga nthawi ngati netiweki ili bwino.

Tsopano za kufomata. Pali njira ziwiri zolandirira imelo. Ina, yotchedwa IMAP, ili ngati kuwerengera makalata ku positi ofesi komweko n'kuwabwezera m'bokosi. Ina, ya POP, ili ngati kuwatenga onse n'kupita nawo kunyumba, bokosi n'kutsala lopanda kanthu. Makompyuta ambiri akale m'maofesi muno anawakonza m'njira yachiwiriyi. Ndiye kuti makalata a zaka ndi zaka ali m'fayilo imodzi pa hadi disiki, yothera ndi .pst ngati ndi Outlook, kapena m'mafayilo a .dbx ngati ndi Outlook Express. Mukafomata musanakopere, apita onse, ndipo palibe kumene mungakawafunse. Ndinaonapo bambo wina wa bizinesi pa boma atagwira m'mutu, malisiti ndi mapangano ake a zaka zambiri atafufutidwa masana amodzi ndi munthu amene ankafuna kumuthandiza. Mpaka lero zimandipweteka. N'chifukwa chake ine ndisanakhudze china chilichonse ndimayamba ndakopera mafayilo amenewa pa fulashi.

Mafayilowa alinso ndi malire. Mu Outlook Express, fayilo imodzi ikafika pa 2 GB imayamba kuwonongeka, ndipo zinali chimodzimodzi ndi Outlook ya 2002 kubwerera m'mbuyo. Nkhokwe ikadzaza, chimanga china simungaikemo. Mankhwala ake ndi kusamutsira makalata akale ku fayilo ina, makamaka aja okhala ndi zithunzi zolemera. Outlook ilinso ndi kachida kake kotchedwa scanpst kosokera fayilo yong'ambika, ndipo kandipulumutsapo kangapo.

Sindikufuna kunamiza munthu kuti makina akale angathe kukhala mpaka kalekale. Microsoft inasiya kusamalira Windows XP mu April 2014, ndipo Windows 7 mu January 2020. Maseva ambiri masiku ano amafuna njira zatsopano zobisira uthenga zimene Outlook Express sizidziwa. Pa Windows 7 ndimaika pulogalamu ina ya imelo, Thunderbird 115, yomaliza kugwira ntchito pamenepo, ndipo imathandiza. Koma kompyuta ya XP ndimalangiza kuti ikhale yolembera ndi kusindikizira basi, isamalowe pa intaneti, makamaka ngati pali nkhani za ndalama za alimi. Ndikudziwa kuti ndalama yogulira yatsopano siili pafupi, ndipo sindimunyoza munthu wosunga chakale. Ingodziwani pamene mphamvu zake zathera.

Ya ku Limbuli ija inali ya Windows 7. Cha m'ma 3 koloko, kamzere kobiriwira kanayamba kuyenda pansi pa sikirini, makalata a sabata yonse akutsika limodzilimodzi. Mayi aja anaimirira kumbuyo kwanga, chikhatho pakamwa, akufunafuna kalata ya mitengo ya feteleza imene atcheyamani ankaifunsa m'mawa uliwonse. Ataiona anati, "Ndi imeneyo, achimwene, sindikizani." Ndisanatseke chibokosicho, ndinamata kapepala m'kati mwake, n'kulembapo tsiku limene ndinasintha kabatire.