Manyowa amene Lilongwe akutentha m'chilimwe

Mwezi wa Seputembala ukafika, misewu ya ku Area 10, Area 12 ndi Area 43 imanunkha utsi. Kuseri kwa mipanda ya njerwa, ogwira ntchito zapabwalo amasesa masamba oyoyoka, kuwaunjika pakona n'kuyatsa moto. Abwana akaweruka ku Capital Hill amapeza pabwalo pali mbee, nayamikira. Chimene chapsacho ndi chakudya cha nthaka, ndipo m'mawa mwake pakhomo pomwepo payipi ikhala ikuthirira kapinga wofiira kale ndi dzuwa.

Likulu la dziko lino lidasamukira ku Lilongwe kuchoka ku Zomba mu 1975, ndipo okonza mapulani adafuna mzinda wa mitengo ndi maluwa. N'chifukwa chake mapuloti a m'madera amenewa, monganso a ku Area 3 ndi Area 9 chaku Old Town, ndi aakulu. Koma mvula kuno imagwa kuyambira Novembala kufika Epulo basi. Miyezi yotsalayo dimba limadalira madzi a Lilongwe Water Board, ochokera ku madamu a Kamuzu ku Malingunde, ndipo keni iliyonse imaonekera pa bilu.

Odziwa ntchitoyi amatsata nyengo. Repu, chainizi, mpiru, kabichi ndi anyezi amazifesa mvula ikangotha, chifukwa zimakonda kuzizira kwa Meyi mpaka Julayi. Matimati nawo amachita bwino kopanda mvula, poti m'dzinja chiwawu chimawapsereza masamba. Mavuto amayamba kukatentha: nsabwe zimadzadza kunsi kwa masamba a repu, mpiru umathamangira kuchita maluwa, ndipo bedi lothiriridwa m'mawa limakhala litauma gwa pofika masana.

Apa ndi pamene masamba otenthedwa aja akadathandiza. Bedi lophimbira ndi masamba ouma kapena udzu womweta limasunga chinyezi. Mukavundukula ndi dzanja masana a Okutobala mumapeza dothi lozizira, lakuda, losamatika, pamene pambali pake posaphimbira nthaka yang'aluka. Masamba otsalawo amalowa m'dzenje la kompositi pamodzi ndi makoko a mbatata, zotsalira za masamba akukhitchini, phulusa pang'ono ndi zitosi za nkhuku. Mukamathirira ndi kutembenuza, pakatha miyezi iwiri kapena itatu mwapeza manyowa osagula, nthawi ino imene thumba la feteleza lakwera mtengo chonchi.

Ambiri amaopa chiswe, ndipo mantha awo ndi omveka kwa aliyense amene adaona mtengo wa mapeyala utadyedwa kunsi. Chofunika n'kusiya mpata pakati pa zophimbirazo ndi tsinde la mbewu, komanso kusaziyandikiza kukhoma la nyumba.

Chizimalupsa chikagwa, ena amapupuluma kubzala. Chimanyenga; dzuwa limabwereranso n'kupsereza mbande. Mvula yeniyeni ikakhazikika ndiye nthawi ya nkhwani, therere ndi kholowa, pamene bonongwe ndi chisoso zimamera zokha. N'zomvetsa chisoni kuona chikwakwa chikuzimweta ngati udzu, mayi wapakhomopo n'kukazigulanso pamsika wa Lizulu.

Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala kufika pa 15 Epulo, ndipo ogulitsa mbande m'mphepete mwa misewu amandandalika machubu a mango, magwafa, mandimu ndi maluwa. Dzenje la mtengo likumbidwiretu mvula isanayambe, lithiridwe manyowa, ndipo mbande ibzalidwe mu Disembala kapena Januwale kuti ikhale itazika mizu chilimwe chisanafike.

Wogwira ntchito zapabwalo nthawi zambiri amazidziwa zonsezi, poti adakulira kumunda. Amasesa ndi kutentha poopa kuti abwana akaona masamba pansi ati ndi ulesi. Mawu oti masambawo asungidwe ayenera kuchokera kwa mwini nyumba, ndipo nthawi yake ndi Ogasiti, mphepo ikayamba kuyoyola mitengo.