Ulimi wa Udzu pa Mabwalo a Masewera ku Zomba

Bwalo la gofu limene anthu a m'chigwa cha Domasi ali nalo pafupi lili mumzinda wa Zomba, pa kalabu ya Gymkhana, imene inakhazikitsidwa m'nthawi ya atsamunda pamene Zomba anali likulu la dziko, udindo umene unasamukira ku Lilongwe m'chaka cha 1975. Bwaloli lili ndi maenje 9, theka la maenje 18 a bwalo lathunthu ngati la Lilongwe Golf Club, ndipo pambali pa gofu pamachitikanso masewera ena ndi misonkhano ya anthu ambiri. Odutsa pamsewu amangoona kubiriwira, koma ntchito yosamalira malo oterewa ndi ulimi weniweni, ngakhale kuti anthu oigwira kawirikawiri amawerengedwa ngati otchetcha wamba.

Luso lalikulu limafunika pa girini, amene ndi malo osalala ozungulira dzenje, pomwe mpira umayenera kugudubuzika popanda kudumphadumpha. Pa mabwalo osamalidwa bwino udzu wa pamenepa umadulidwa mpaka kutsala mamilimita 3 kapena 5 okha, ndipo chikwakwa sichingathe zimenezi, chifukwa pamafunika makina a mipeni yozungulira imene imameta udzu ngati sizasi, yomwe ikabuntha imang'amba masamba n'kusiya nsonga zofiirira zolowera matenda. Wodziwa ntchitoyi sachotsa kuposa gawo limodzi mwa magawo atatu a msinkhu wa udzu pa ulendo umodzi, popeza udzu wometedwa mopitirira umafooka mizu. Dzenje lenilenilo, lomwe malamulo a gofu amati likhale mamilimita 108 m'mimba mwake, limasunthidwa nthawi ndi nthawi kuti mapazi asapondereze malo amodzi, ndipo chibuma cha udzu chochotsedwa pa dzenje latsopano chimakatseka lakale mosamala kuti pasaoneke chipsera.

Udzu wodalirika m'dera lotentha ngati lino ndi kapinga, amene mlimi wa chimanga amalimbana naye ndi khasu chaka chilichonse. Khalidwe limene limamuchititsa kukhala mdani m'munda, loyanga pansi ndi kuphukanso pa mfundo iliyonse, ndi lomwe limamuthandiza kupirira kupondedwa ndi chilala.

Nyengo ndiyo imalamula ntchito yonse. Kuyambira Novembala mpaka Epulo madzi otsika m'phiri la Zomba, lomwe nsonga yake imapitirira mamita 2,000, amafika ndi mphamvu, kotero ngalande ziyenera kukhala zitakonzedwa mvula isanayambe, monga momwe namondwe Freddy anaonetsera m'chigawo cha kumwera mu Malichi 2023. Nthaka imene yapondedwa ndi khamu la anthu kapena galimoto imagwirana n'kukana madzi ndi mpweya, ndipo mankhwala ake ndi kuibowola timabowo tambirimbiri ndi foloko kapena makina, kenako kuwazapo mchenga wosefa ndi kuusesera m'timabowomo. M'chilimwe, makamaka mu Okutobala, vuto limatembenuka: kuthirira kumachitika m'mamawa dzuwa lisanakwere, ndipo kuthirira kwambiri mwa apo ndi apo kumaposa kuwaza pang'ono tsiku lililonse, chifukwa kumakokera mizu pansi. Ndi nthawi yomweyo imene chiswe chimadya udzu wouma, pomwe mfuko imatha kutumphula milu ya dothi usiku umodzi pamalo amene asamalidwa kwa miyezi.

Feteleza ndi mankhwala ophera tizilombo zimafuna kusamala kwapadera m'boma la Zomba, chifukwa mitsinje ya Likangala ndi Domasi imathera m'nyanja ya Chilwa, yomwe ilibe mtsinje wotulutsa madzi ndipo inalembedwa pa mndandanda wa madambo otetezedwa a Ramsar m'chaka cha 1997. Zimene zakokoloka pabwalo zimakafika kwa asodzi a matemba ndi alimi a mpunga, choncho munthu wopopera ayenera kudziwa mlingo, kuvala zodzitetezera ndi kupewa tsiku limene mvula yayandikira.

Nzeru zimenezi n'zofunika kwambiri ku Domasi komweko, kumene kuli Domasi College of Education ndi sukulu zambiri zokhala ndi mabwalo a mpira wamiyendo ndi wamanja. Pabwalo la sukulu malo oyamba kuguga ndi pagolo, ndipo kuwakonza sikulira makina odula: kugaula nthaka yogwiranayo, kuthirapo manyowa owola bwino, kubzala mphukira za kapinga mvula ikakhazikika mu Disembala, ndi kutchinga malowo kwa milungu ingapo pomwe ophunzira ali patchuthi.