Kafupa ka kumapeto kwa msana: ululu umene dzanja limachita manyazi kuuloza

Bondo likamawawa, munthu amaloza pa bondo. Dzino likavuta, amayasamula kuti alione. Koma pali malo ena amene dzanja limazengereza kufikapo: pansi penipeni pa msana, pamene matako agawikana. Wodwala akalowa kwa dokotala ku Ndirande, ku Zingwangwa kapena ku South Lunzu ku Machinjiri amangoti "ndi msana" kapena "chiuno", n'kuloza cham'mwamba. Amatuluka ndi mankhwala a msana, chimene chamubweretsacho chisanaonedwe.

Pamalo amenewa pali kafupa kopindikira mkati, kopangidwa ndi timafupa 3 mpaka 5 (kwa anthu ambiri ndi 4). Tikakhala pansi thupi limatsamira malo atatu monga mphika pa mafuwa: mafupa awiri a m'matako ndi kafupa kameneka. Mukaweramira kutsogolo, katundu amapita ku mafupa awiri aja. Mukatsamira kumbuyo, kafupako ndiko kamasenza. Pomweponso pamamangirira minofu ya pansi pa chiuno, imene imachirikiza chikhodzodzo, matumbo ndi chiberekero. Achipatala amautcha ululuwu coccydynia, dzina limene dokotala wa ku Edinburgh, James Young Simpson, anapereka mu 1859. Umagwira amayi kwambiri, pafupifupi kasanu kuposa abambo.

Kuuzindikira sikovuta. Umabwera mukakhala pansi, makamaka pouma, ndipo umabaya panthawi yodzuka. Mukamayenda kapena kugona cham'mbali umachepa. Kawirikawiri sutsikira ku mwendo monga umachitira ululu wa mtsempha wopanikizika m'chiuno.

Ambiri umawayamba atagwa. Blantyre ndi mzinda wa mapiri, ndipo nyumba zakwera m'mbali mwa Ndirande, Soche, Michiru ndi Bangwe. Mvula ikagwa, katondo amaterera. Mayi wosenza chidebe kuchokera pa kiyosiki alibe dzanja logwirira, amafika pansi ndi matako. Bafa ya simenti yomera ndere imachitanso zomwezo. Kafupako kakhoza kuvulala, kusuntha kapena kuthyoka. Kubereka nakonso kumakakankhira kumbuyo mutu wa mwana ukamadutsa, makamaka mwana akakhala wamkulu kapena matenda akatenga nthawi, ndipo amayi ena amatuluka m'chikuta akulephera kukhala bwino poyamwitsa.

Komabe, palinso gulu lina la anthu amene sanagwepo. Taganizani za wakabaza wanjinga yamoto amene amayamba m'bandakucha kukwera ndi kutsika misewu ya miyala ya ku Machinjiri: dzenje lililonse limamenya pa kafupa komweko. Telala wa pakhonde amasoka tsiku lonse ali pa kampando kathabwa. Mtsikana wa Airtel Money kapena Mpamba amaopa kuchoka pa benchi kuti kasitomala angapite kwa mnzake. Mu minibasi anthu anayi akapanikizana pa mpando wa atatu, wina amakhala mopendama pa chitsulo kuchokera ku Bangwe mpaka ku Limbe. Ndiye pali maliro. Amayi amachezera pa simenti miyendo itatambasulidwa, msana utatsamira khoma, kakhalidwe kamene kamaunjika thupi lonse pa kafupako. Abambo, tinene zoona, amakhala panja pa mipando. Kunenepa kwambiri kumawonjezera katundu, pamene kuwonda mofulumira kumachotsa mnofu umene umatchinga fupa. Kudzimbidwa kumaipitsa zinthu chifukwa kutchima kumakoka minofu ija.

Nkhani ya kuchipinda ndiyo imasokoneza mabanja. M'makwalala mumamveka zoti msana umawawa munthu akakhalitsa osagonana, ena amati ndi kuchulutsa, enanso amathamangira ku kanyera n'kuyamba kufunsana amene walumpha mwambo. Kudziletsa sikudwalitsa kafupa aka, ndipo kugonana si mankhwala ake. Chimene chimachitika n'chakuti pogonana minofu ya pansi pa chiuno imakungika n'kukoka kafupako, komanso munthu akagona chagada pa mphasa kapena pa matiresi otha, kulemera kwa mnzake kumapanikiza pomwe pali povulala. Ndiye ululu umadzuka panthawiyo kapena pambuyo pake. Mayi akamazemba pa chifukwa chimenechi si kuti wapeza wina. Chothandiza n'kukambirana, kugona cham'mbali kapena kulola wodwalayo akhale pamwamba kuti aziyendetsa yekha, ndi kupuma masiku amene ululu wakula. Koma ngati kuwawako kuli mkati mwa chinena, kukubwera ndi ukazi wonunkha, kutentha pokodza kapena magazi mukatha kugonana, imeneyo ndi nkhani ina. Akhoza kukhala matenda opatsirana pogonana, ndipo onse awiri ayenera kupita kuchipatala. Magazi otuluka pambuyo pogonana ndi chizindikironso cha khansa ya khomo la chiberekero, imene Malawi ali m'gulu la mayiko okhudzidwa kwambiri padziko lonse. Kuyezetsa kwake n'kwaulere m'zipatala za boma.

Pafupifupi anthu 9 mwa 10 alionse amachira popanda opaleshoni, ngakhale kuti zimatenga masabata kapena miyezi. Chithandizo chachikulu chili pa kakhalidwe. Khalani moweramira pang'ono kutsogolo, mapazi onse ali pansi, ndipo dzukani kudziwongola pakatha mphindi 20 kapena 30. Pezani siponji yokhuthala, muidule kumbuyo kwake kuti pakhale mpata, kafupako kazilendewera osagunda kanthu. Amene amakonza mipando ya sofa mu msika wa Ndirande angakudulireni. Popanda siponji, pindani zitenje ziwiri muike pansi pa ntchafu iliyonse. Mpando wofewa kwambiri womira nawo si wabwino, chifukwa umakutsamiritsani kumbuyo. Kuthowa ndi kansalu ka madzi ofunda kumamasula minofu. Ngati mwangogwa kumene, masiku awiri oyambirira gwiritsani ntchito madzi ozizira. Masamba, zipatso, mgaiwa ndi madzi ambiri zimafewetsa chimbudzi.

Panado amathandiza, bufeni ndi diclofenac amachepetsanso kutupa. Apa mpofunika kusamala, poti mankhwalawa amagulidwa mwachisawawa m'maokala. Bufeni, diclofenac ndi indosidi amakanda m'mimba ndi kulemetsa impso, choncho wa zilonda za m'mimba, wa BP, wa matenda a impso, mayi woyembekezera ndiponso amene akumwa ma ARV asawamwe asanafunse achipatala. Kumwa mitundu iwiri ya mankhwala amenewa nthawi imodzi sikuwonjezera mphamvu, kumangowonjezera ngozi. Mphini pamalo amenewa n'kuitana mavuto: ndi pafupi ndi njira ya chimbudzi, bala silichedwa kutukusira.

Si ululu wonse wa pamenepa umachokera ku fupa. Matenda a mudzi amayabwa ndi kutulutsa magazi pochita chimbudzi. Kachithupsa kotuluka mafinya pa mng'alu wa matako, kamene kamapola n'kubweranso, kamayamba ndi tsitsi lolowa m'khungu ndipo kamafuna kuchotsedwa kuchipatala. Musadikire ngati ululu ukukudzutsani usiku ngakhale simunakhale pansi, thupi likutentha, mukutuluka thukuta usiku, mukuwonda popanda chifukwa kapena pali chotupa. TB imagwiranso mafupa a msana, makamaka kwa amene ali ndi HIV, ndipo khansa ya prostate kapena ya m'matumbo imatha kufalikira kumeneko. Dzanzi pakati pa miyendo, kufooka kwa miyendo, kapena kulephera kugwira mkodzo ndi chimbudzi ndi zofunika kuchipatala tsiku lomwelo.

Ululu ukapitirira miyezi iwiri mukuyesa zonsezi, bwererani kuchipatala cha kwanuko, mukaloze malo enieniwo ndi chala, ndipo mulole akuoneni. Achipatalawo ndiwo amalemba kalata yopita ku chipatala chachikulu cha Queens, kumene kuli a mafupa ndi a mafizo. Kachere Rehabilitation Centre nayonso imathandiza pa mafizo. A mafizo amaphunzitsa kumasula ndi kulimbitsa minofu ya pansi pa chiuno. Pojambula, chithunzi cha munthu ataimirira chikhoza kuoneka bwinobwino. Dokotala wa ku Paris, Jean-Yves Maigne, anaonetsa m'zaka za m'ma 1990 kuti kuyerekeza chithunzi choimirira ndi chokhala pansi ndiko kumaulula kafupa kogwedera. Ochepa amafunika jakisoni wochepetsa kutupa pamalopo. Opaleshoni yochotsa kafupako ilipo, koma madokotala amaisungira amene avutika miyezi yambiri zina zonse zitakanika, chifukwa bala lake limavuta kupola.