NSANJA YA MADAISI

 Nchito ya kumunda yayamba kupepuka, cimanga ciri m'nkhokwe, ndipo ino ndiyo nyengo imene anthu akhala pabwalo madzulo nacita masewera. Lero tsono sindinena za mizere kapena za manyowa ai. Ndifuna kukufotokozerani za kacipangizo kena kamene anthu a maiko ena agwiritsa nchito pa masewera a madaisi. Dzina lace ndi nsanja ya madaisi.

Bawo mulidziwa nonse. M'bawo nkhomo zonse ziri poyera, ndipo wodyedwa adyedwa cifukwa mnzace wamposa kuwerenga. Koma alipo masewera ena amene anadza ndi alendo, monga Ludo ndi aja a njoka ndi makwerero, m'mene munthu sayenda monga afunira mwini, koma monga yanenera daisi. Ludo anailembetsa ku England m'caka ca 1896, koma gwero lace ndi masewera a ku India ochedwa Pachisi, amene eni ace ankaponya tizigoba ta nkhono za m'nyanja ya mcere. Daisi ndi kanthu ka mbali zisanu ndi imodzi zolingana, ndipo pa mbali iri yonse pali madontho, kuyambira 1 kufikira 6. Mukaiyang'anitsa mudzaona kuti mbali ziwiri zofulatirana zikwana 7 nthawi zonse: 1 afulatirana ndi 6, 2 ndi 5, 3 ndi 4.

Tsono masewera otere akoma pokhapo onse akhulupirira kuti palibe wina amene ali kulamulira daisi. Apa ndipo pagona bvuto, pakuti daisi iponyedwa ndi dzanja, ndipo dzanja liri ndi mwini wace amene afuna kupambana. Munthu wocenjera akhoza kugwira daisi 6 ali pamwamba, naitsetseretsa pathebulo osaigubuduza, ndipo ikaima 6 ali pamwamba pomwepo. Wina aiponya pa bulangete kuti igubuduke njira imodzi ngati gudumu la ngolo. Pamenepo mbali ziwiri za m'mphepete sizingaturuke konse, ndipo ngati waikako manambala amene sawafuna, wawathawa. Ena anati tiyeni tiziponya ndi cikho. Cikho cithandiza ndithu, koma wozolowera apanikiza daisi imodzi ndi cala pakamwa pa cikho, inzace iri kulira m'katimo, anzace nayesa kuti zonse ziri kugwedezeka. Inu Anyakwawa mudziwa m'mene mlandu uyambira: sikuti cinyengo cioneke ai, kungoti mmodzi aganize kuti ciripo, basi mau ayamba kukwera.

Nsanja ya madaisi icotsa dzanja pa nkhani yonseyi. Musaganize za nsanja yaitali yoingirapo anyani kumunda. Iyi ndi kabokosi koimirira, kutalika kwace ngati cikhatho cimodzi ndi theka, kotseguka pamwamba, kokhala ndi kakhomo pansi. M'kati mwace muli timatabwa topendekeka, kena kocokera ku khoma ili, kena kocokera ku khoma ilo. Wosewera angoponya daisi pamwamba. Igunda thabwa loyamba nitembenuka, igwera pa laciwiri nitembenukanso, kenaka laciwiri liipereka kwa lacitatu, ndipo ituruka pakhomo paja onse ali kuona. Ngakhale munthu aigwire mwa luso lotani poiponya, kusiyana kwakung'ono pa kugunda koyamba kukula pa kugunda kwaciwiri, ndipo pofika pansi palibenso amene anganene mbali imene idzakhala pamwamba.

Nzeru imeneyi si ya lero. Aroma akale anali anthu okonda madaisi kopambana. Lamulo lao linkaletsa kubecha ndarama kupatula pa masiku a cikondwerero ca Saturnalia m'mwezi wa December, koma mfumu yao Augustus inali yokonda kuponya, ndipo mfumu Claudius inafika polemba buku la masewerawa. Kumene kuli juga kuli onyenga, conco Aroma anapanga kansanja kamene ankakachula kuti pyrgus kapena turricula. Mlembi wao Martial, amene anakhala ku Roma zaka zosakwana 100 Yesu atabadwa, anakachula pakati pa mphatso zopatsana pa cikondwerero cija, ndipo nchito imene anakapatsa ndi yomweyi ya kugonjetsa dzanja lonyenga.

Imodzi ya nsanja zimenezi iripo kufikira lero. Anaifukula m'zaka za m'ma 1980 ku Germany, pafupi ndi midzi ya Vettweiss ndi Froitzheim, pamalo pamene panali nyumba ya Mroma wa minda, ndipo isungidwa m'nyumba ya zinthu zakale mu mzinda wa Bonn. Anaipanga m'zaka za pakati pa 300 ndi 400, ndiko kuti yatha zaka zoposa 1,600. Ndi ya mkuwa, kutalika kwace masentimita 22 ndi theka, pafupifupi mainchi 9. M'kati muli timatabwa topendekeka monga ndanena, pansi pali timakwerero totsikirapo madaisi, ndipo pakhomo anapacikapo timabelu kuti daisi poturuka izitiliza. Mmisiri anaboola makoma ace mokongola, nalembapo mau a Cilatini. Mau a kutsogolo auza osewera kuti a Picts, anthu a kumpoto kwa Britain kumene lero kuli Scotland, agonjetsedwa, adani atha, conco asewere opanda nkhawa. Mau amenewa ndi 6, ndipo liu liri lonse liri ndi malemba 6, molingana ndi mbali za daisi. Ine ndiona kuti timabelu tija sitinali tokometsera cabe. Belu likalira, ali yense m'nyumbamo adziwa kuti daisi yadzeradi m'nsanja, siinaikidwe ndi dzanja pamene anzace anaceuka.

Ndi muno mu Africa momwe inapezeka ina. Ku Qustul, m'dziko la Nubia m'mbali mwa mtsinje wa Nile, anthu ofukula manda a mafumu m'zaka za m'ma 1930 anapeza nsanja ya mtengo pamodzi ndi thabwa la masewera ndi madaisi ace.

Masiku ano nsanjayi yabweranso, cifukwa ku Ulaya ndi ku America akulu ndi ana omwe asewera masewera a pathebulo a mitundu yambiri. Pali amene achedwa Catan, opangidwa ndi Klaus Teuber ku Germany m'caka ca 1995, m'mene osewera alimbirana tirigu, nkhosa, mitengo, njerwa ndi miyala ya citsulo, ndipo madaisi awiri ndiwo anena minda imene ibale. Pali Wingspan, masewera a mbalame opangidwa ndi mai Elizabeth Hargrave m'caka ca 2019. Amenewa agulitsidwa pamodzi ndi nsanja yace ya katoni, yooneka ngati kanyumba kodyetseramo mbalame, ndipo madaisi ace aonetsa zakudya m'malo mwa madontho. Kwa osewera a lero cinyengo sindico cifukwa cokha. Pathabwa pamakhala tinthu tambiri timene taikidwa pa malo ace, ndipo daisi yoponyedwa mwamphamvu itimwaza tonse, kapena igwera pansi pa mpando, anthu nayamba kutsutsana ngati nambala ya pansiyo iwerengedwe. Nsanja iri ndi kakhola kutsogolo kwace kolandira madaisi, conco zonsezi zitha. Ithandizanso mwana wamng'ono, ndi nkhalamba ya manja onjenjemera, kuti aponye cimodzimodzi ndi ena onse. Coipa cace ndi phokoso, ndiponso icedwetsa pang'ono ngati masewerawo afuna kuponya kawiri-kawiri.

Kupanga kwace sikubvuta, ndipo mmisiri wa matabwa wa pamudzi panu akhoza kuitha tsiku limodzi ndi zotsala za bokosi. Katoni yolimba igwiranso nchito. Dulani makoma anai, kutalika masentimita 20, ndipo m'kati mukhale danga la masentimita 7 kapena 8 mbali zonse. Timatabwa ta m'kati tikhale titatu, topendekeka pakati-kati pa kuimirira ndi kugona. Tikagona kwambiri daisi iima panjira. Tikaimirira kwambiri ingodutsa osatembenuka. Kathabwa kali konse kapitirire pang'ono pakati pa bokosi, kuti mukasuzumira pamwamba musaone pansi, pakuti ngati diso lipyola ndiye kuti daisi nayo ipyola osagunda kanthu. Koma mpata wotsala usacepe. Daisi wamba ndi ya mamilimita 16, ndipo mpata uyenera kuposa pamenepo kawiri, kuti madaisi awiri akatsika pamodzi asatsekerezane ngati mbuzi pakhomo la khola. Pansi peni-peni ikani thabwa lotsetsereka lolunjika kukhomo, ndipo kunja mangani kakhola ka mpanda waufupi, woti onse okhala mozungulira aone m'katimo osaimirira. Mukamata kansaru kokhuthala pa timatabwato phokoso licepa.

Tsono mvetsetsani apa, cifukwa ambiri asokera pomwepa. Nsanja iletsa dzanja kunyenga, koma siingawongole daisi yopotoka. Onyenga aboola daisi naikamo kantobvu mbali imodzi, ndipo mbali yolemerayo ikonda kugona pansi, inzace yofulatirana nayo nikhala pamwamba. Ena apala mbali imodzi pang'ono kuti daisi ikhale yophwatalala ngati njerwa. Daisi yotere mukaiponya m'nsanja ya golide idzanyengabe. Ngakhale daisi ya m'sitolo yosakhudzidwa ndi munthu siikhala yolungama kweni-kweni. M'caka ca 1894 Mngerezi wina wophunzira, Walter Weldon, anaponya madaisi 12 pamodzi nthawi 26,306, nalemba zonse. Madaisi onse amene anagwa anali 315,672. Akadakhala olungama, 5 ndi 6 akadaturuka pafupifupi nthawi 105,224, ndilo gawo limodzi mwa magawo atatu, koma anaturuka nthawi 106,602. Cifukwa cimene ophunzira apereka ndi cakuti madontho ndi maenje okumbidwa, ndipo mbali ya maenje ambiri ipepuka kuposa ya dzenje limodzi. Ndico cifukwa cace madaisi a m'nyumba zazikulu za juga awapanga oonekera m'kati, natseka maenjewo ndi utoto wolemera cimodzimodzi ndi daisi yomwe. Kusiyana kumene anapeza Weldon ndi kocepa, sikungaononge Ludo wa ana. Koma daisi ya ntobvu mukhoza kuigwira. Sungunulani mcere wambiri m'kapu ya madzi kufikira daisi iyandame, ndipo muziikankha ndi cala. Ikamabwerera nambala imodzi-modzi pamwamba nthawi zonse, itayeni. Madaisi ena ndi olemera osayandama. Amenewo aponyeni nthawi 300 ndi kulemba. Nambala iri yonse iyenera kuzungulira pa 50. Ikafika 43 kapena 57 musadabwe, koma ina ikafika 80 pali kanthu.

Cinanso cimene nsanja siingasinthe ndi ciwerengero ca mwai. Pa Ludo munthu afuna 6 kuti aturuke m'nyumba, ndipo ambiri ayesa kuti pakuti mbali ndi 6, ukaponya kasanu ndi kamodzi uyenera kumpeza. Si conco. Mwa anthu atatu oponya kasanu ndi kamodzi, mmodzi adzatsala wopanda 6, daisi iri yolungama, wopanda womlodza. Daisi iribe cikumbu-mtima. Siidziwa kuti yakumana nthawi zisanu, ndipo pa kuponya kwina mwai wa 6 uli womwewo, umodzi mwa 6. Ndi madaisi awiri nkhani isintha. Njira zonse zimene angagwere ndi 36. Mwa izo 7 aturuka m'njira 6, 6 ndi 8 m'njira 5 ali yense, koma 2 ndi 12 m'njira imodzi yokha ali yense. Opanga Catan analemba 6 ndi 8 ndi utoto wofiira kuti osewera adziwe minda yobala kawiri-kawiri. Tsono munthu wa juga akakuuzani pamsika kuti becha pa 12, ukapambana ndikupatsa ndarama zako kakhumi, dziwani kuti mtengo wolungama ukadakhala 35 pa imodzi. Safunanso kunyenga ndi dzanja ameneyo. Angathe kukubwerekani nsanja yabwino ndi madaisi olungama, ndipo ndarama za fodya wanu zidzathera m'thumba mwace ndithu, cifukwa cinyengo ciri pa mtengo.

Kumene nsanja ipindula kweni-kweni ndi pamene mufuna maere opanda kukondera. Ndi ife a zaulimi tidalira maere. Ronald Fisher, amene anayamba nchito pa munda woyesera mbeu wa Rothamsted ku England m'caka ca 1919, anaonetsa kuti poyesa mbeu ziwiri munthu asasankhe yekha ndime, pakuti mtima umkoka kuika mbeu imene aikonda pa nthaka yabwino, iye mwini osazindikira. Ndime zigawidwe ndi maere. Momwemonso Nyakwawa amene ali ndi mabanja asanu ndi limodzi olimbirana kuyamba kubwereka ngolo ya gulu akhoza kupatsa banja liri lonse nambala, naitana mwana wamng'ono kuti aponye daisi m'nsanja pabwalo. Mabanja akakhala asanu, 6 akaturuka aponyenso. Akaposa asanu ndi limodzi musaphatikize madaisi awiri, cifukwa banja lolandira 7 lidzakhala ndi mwai kasanu ndi kamodzi kuposa lolandira 12. Pamenepo banja liri lonse liponye lokha, wa nambala yaikulu ayambe, ndipo olingana abwereze okha-okha.