Nyimbo Ikagona pa Pepala

Omvera a ku migodi amene kwao ndi ku Petauke kapena ku Nyimba adziwa bwino maimbidwe a akazi pa mtondo. Mmodzi atsogola, anzace abvomera, ndipo minsi ndiyo isunga nthawi. Khutu silisokera, pakuti lidziwa amene alikuimba ndi amene alikuyankha. Bvuto liyamba pamene munthu atenga pensulo kuti aike nyimboyo pa pepala.

Nayi nyimbo yongopeka, ya mkazi amene mwamuna wace ali pa nchito ku Kitwe. Iye aimba kuti, "Amuna anga adzabwera," ndipo anzace abvomera kuti, "Liti?" Mauwa akalembedwa pa mizere iwiri, wowerenga aona mkazi wodzitama ndi anzace omuseka. Akalembedwa pa mzere umodzi, kuti "Amuna anga adzabwera liti?", atsala mkazi mmodzi yekha wolira, ndipo kuseka konse kwatha. Palibe liu lacotsedwa, koma wolembayo wasandutsa nyimbo ya cipongwe kukhala ya cisoni. Mwamuna wolandira pepala lotere ku komboni angasowe tulo pacabe.

Mu 1961 John Blacking, pamodzi ndi Raymond Apthorpe wa ku Rhodes-Livingstone Institute, anajambula nyimbo za Ansenga m'dziko la Petauke, kuphatikizapo za kalimba. Makina anasunga mau monga anaturukira m'kamwa. Pepala silingathe kutero. Wina ayenera kusankha pothyola mzere.

Anthu a ku Russia analingalira kwambiri za nkhani imeneyi. Kuyambira mu 1923 mlakatuli Vladimir Mayakovsky anali kuthyola mzere umodzi pawiri kapena patatu, zidutswazo zilikutsika monga makwerero, kuti wowerenga adziwe popumira ndi pokweza mau. Adani ace ananena kuti anali kungocurukitsa mizere cifukwa malipiro anali kuwerengedwa pa mzere, koma wowerenga mokweza amva kuti makwererowo ali ndi nchito.

Pambuyo pace kunadza oimba a magitala a magetsi, a nyimbo zochedwa rock. Ku Leningrad, mzinda umene lero ndi St Petersburg, bwalo lao linatsegulidwa mu 1981, ndipo woimba anayenera kupereka mau a nyimbo zace olembedwa kuti abvomerezedwe asanakwere pa nsanja. Woyesa mauwo anali kuona pepala lokha. Mwano umene unali m'kaimbidwe, m'kufuula kapena m'kuimira pa liu limodzi, sunali kuoneka pamenepo.

Alexander Bashlachev, mmodzi wa oimba amenewa, anafa mu 1988 ali ndi zaka 27. Nyimbo zace zinafala pa matepi opatsirana, ndipo mabuku a mau ace anaturuka iye atafa kale. Osindikiza ndiwo anatsala ndi mlandu wosankha: kodi mzere uthere pamene woimba anapuma, kapena pamene panathera ganizo? Kodi mau obwerezedwa kanai alembedwe kanai, kapena kamodzi? Kulemba kamodzi kusunga pepala, koma kubisa kuti woimbayo anakakamira pa mauwo.

Mwana wa sukulu wa ku Nyimba wolemba nyimbo za agogo ace akomana ndi mafunso omwewa. Acite bwino kuika mau a wotsogola kumanzere, a obvomera pa mzere waowao wolowa m'kati pang'ono, ndipo awerengere agogowo mokweza asanatseke buku.